Mabala Achikasu M'munda wa AnaBanda

Ana anga, za ubwana wanga ndi za kusukulu ndazilumpha, chifukwa munazimva mpaka kutopa nazo. Mutu uno ndi wa chaka changa choyamba pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndi munda umodzi wa nsawa umene unatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito ndisanaizolowere n'komwe.

Okutobala: kufika ku Sinda

Ndinatsika basi pa Sinda masana, dzuwa likuswa mtengo, nditanyamula sutikesi yachitsulo, matiresi opinda ndi kalata yondilemba ntchito. Nthawi imeneyo Sinda inali isanakhale boma payokha. Midzi imene ndinapatsidwa inali kumpoto kwa msewu waukulu, ndipo malipoti onse ankapita ku ofesi ya ku Katete. Kalatayo inanena mosabisa kuti ndikhala chaka chimodzi ndikuyesedwa, ndipo bwana wanga akadzakana kusayina kumapeto kwa chakacho, ndidzabwerera kwathu ndi sutikesi yanga.

Ndisanapite ku koleji ya zaulimi ndinagwirako ntchito chaka ndi theka pa nyuzipepala ina yaing'ono ku Lusaka, imene inadzafa chifukwa chosowa mapepala osindikizira. Mkonzi wake sankatukwana munthu. Ankangowerenga nkhani yako n'kukufunsa mafunso atatu: Unapitako? Unawerenga wekha? Ndani amene sanalankhule? Ukalephera limodzi, pepala lako ankakulungira chimanga chootcha. Utolankhani sunandilemeretse, koma mafunso atatuwo ndinapita nawo kumunda, ndipo andidyetsa mpaka kupuma ntchito.

Bwana wanga ku Katete anali a Tembo, munthu wamtali, wa nsapato zonyezimira ngakhale m'dzinja. Tsiku loyamba anandipatsa njinga yopanda belu, buku la malipoti, ndi tepi yoyezera imene inali itaduka pa mamita asanu ndi awiri.

"Zotsalazo uziyeza ndi miyendo, Sakala," anatero. "Uli nayo iwiri, ndipo ofesi siigulira sipeya."

Ndinatuluka n'kuyeza sitepe yanga pakhonde pomwepo. Masitepe anayi anakwana mamita atatu. Amayi anu amati mpaka lero ndikamayenda milomo imagwedezeka. Ndimakhala ndikuwerenga.

Disembala: mbewu yatsopano

Feteleza chaka chimenecho anachedwa, ndipo atafika anali wochepa. Paliponse pamene ndinkaimika njinga, moni usanathe, funso linali limodzi: "A Mlangizi, feteleza abwera liti? Chimanga chachita chikasu." Kwa alimi anga, chikasu chilichonse chinali njala, ndipo mankhwala a njala anali thumba la yureya. Ine ndinalibe thumba. Ndinali ndi pakamwa pokha, choncho ndinkaphunzitsa.

Tsamba limabiriwira chifukwa cha utoto umene mbewu imapanga yokha, ndipo utotowo ndi umene umagwira dzuwa. Ukaleka kupangidwa, chikasu chimene chinabisala pansi pake chimaonekera. Zolepheretsa n'zambiri. Chimanga chikasowa chakudya chimene timathira ndi yureya, chikasu chimayambira masamba a m'munsi, kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati, chifukwa mbewu imalanda masamba akale kuti idyetse atsopano. Madzi akaima m'mizere mizu imabanika, ndipo ngakhale uthire thumba lonse, wataya. Kaufiti akayamwa mizu, chimanga chimapinimbira n'kuyezuka. Tsamba lokalamba nalo limachita chikasu popanda mlandu uliwonse, ngati imvi. Ndinkawauza kuti asanafunse chothira, ayambe ayang'ana kumene chikasu chayambira, pansi kapena pamwamba. Ankandimvetsera mwaulemu, kenako n'kufunsanso za feteleza.

Chinthu chimodzi chogwirika chimene ofesi inatipatsa chinali mbewu yatsopano ya nsawa, yocha msanga. Inali yochepa, yongokwana minda isanu. Mgwirizano unali wakuti alimi asanu aichulukitse, ndipo pokolola igawidwe kwa mabanja onse a m'gulu la alimi. Gawo lalikulu linapita kwa mayi Esinati Banda, amene aliyense ankawatchula kuti anaBanda, mlembi wa gululo komanso wa amayi a kutchalitchi. Anali mayi wamfupi, woyenda ngati wachedwa basi. Munda wawo unasankhidwa chifukwa ndi wokhawo umene mizere yake inali yokonzeka kuyambira Sepitembala.

"Amuna anga chaka chino andidabwitsa, a Mlangizi," anandiuza tikugawa mbewu. "Ndinapita ku Chipata kukadwazika mng'ono wanga, pobwera ndapeza munda wonse waunda mizere. Zaka khumi ndi zisanu zimenezi sizinachitikepo."

Amuna awowo anali a Daka, Mnsenga wa cha ku Petauke amene anakwatira m'mudzimo n'kukhala chikamwini. Anali munthu wa nthabwala, wokonda ng'ombe zake ziwiri ndi ngolo, ndipo ankandilonjera kutali ndi "Muli tyani, a Mlangizi?" Tsiku limenelo sanaseke kwambiri. Kawiri konse ananena kuti, "Komatu pano chimanga chikanachita bwino." Ife tinangopitiriza kugawa mbewu.

Tinadzala ndi mvula yoyamba yeniyeni, mothithikana monga buku likunenera. Nsawazo zinamera ngati zathiridwa ndi dzanja limodzi. Pa Khirisimasi anthu ankapatuka pochokera kutchalitchi kukangoona.

Kumapeto kwa Januwale: lamulo la a Tembo

Kunagwa mvula ya masiku asanu ndi limodzi osalekeza. Itakata, anaBanda anafika kunyumba kwanga m'mawa ndisanasambe m'maso.

"Tiyeni mukaone. Kufotokoza sindingathe."

M'munda wobiriwira uja munali mutatuluka mabala achikasu, ozungulira, lililonse lalikulu ngati mphasa ziwiri. Ndinawawerenga: makumi awiri ndi anayi. Ndinalemba lipoti tsiku lomwelo n'kulipereka kwa kondakitala wa basi ya ku Katete. Lolemba a Tembo anafika pa galimoto ya ofesi. Anaima m'mphepete mwa munda, pa udzu, n'kuphimba maso ndi dzanja.

"Kadukutu," anatero.

Kadukutu, amene ena amati khate, ndi matenda oopsa a nsawa. Amafala ndi nsabwe za m'masamba. Mbewu imapinimbira, masamba amachepa n'kupiringizika, amachita mawanga achikasu, ndipo pansi sipabereka kanthu. Alibe mankhwala. A Tembo sankaopa pachabe. Kumene ankagwira ntchito kale, sikimu yonse ya mbewu inathera matendawa chifukwa mlangizi wina anazengereza, ndipo iwo ndi amene anakayankha ku Chipata. Minda inayi ina ya mbewu yathu inali pafupi, mphepo ikuchokera kwa anaBanda kupita komweko.

"Sakala, pofika Lachisanu munda wonsewu uzulidwe, utenthedwe. Wonse. Ndikufuna lipoti Loweruka."

"Bwana, nsabwe sindinazione."

"Mvula yazitsuka. Ukufuna zikusiyire adiresi?"

AnaBanda sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga chimanga ndidzale liti, bwana, Januwale akutha?" Munda umenewu unali wawo wabwino koposa, ndipo anaupereka wonse ku nsawa za gulu. Ukazulidwa, banja lawo likanakolola chimanga cha kamunda kakumtunda kokha, ndipo mabanja ambiri a m'gulu akanadikira mbewuyo chaka china. A Tembo anayang'ana pansi, nati pepani mayi, n'kukwera galimoto.

Lachiwiri mpaka Lachinayi: kuyenda ndi miyendo

Lachiwiri m'mawa ndinavula nsapato n'kulowa m'mundamo. Ndinatembenuza masamba mpaka msana kuwawa, koma nsabwe sindinaipeze ngakhale imodzi. Mbewu za m'mabalawo zinali zazitali mofanana ndi zinzake, masamba ake otambasuka bwinobwino. Chikasu chinali pa masamba a pamwamba, atsopano, ena mpaka kuyera, koma mitsempha yake inali yobiriwira ngati wajambula ndi cholembera. Masamba a m'munsi anali abwino. Kadukutu wa m'buku langa sanali wotere. Koma ndinali ndi miyezi itatu yokha pa ntchito, ndipo a Tembo anali ndi zaka makumi awiri.

Posowa chochita, ndinayamba kuyeza. Kuchokera pakati pa bala loyamba kufika pakati pa lachiwiri, masitepe khumi ndi anayi. Kufika pa lachitatu, khumi ndi anayi. Lachinayi, khumi ndi asanu. Lachisanu, khumi ndi anayi. Ndinakwera pa chitsa cha mtengo wa mpundu chimene chinali pakati pa munda n'kuyang'ana. Mabalawo sanamwazike. Anali m'mizere inayi yodutsa mizere ya khasu mopingasa, yonse yochokera pangodya imodzi ya munda ngati zala za dzanja. Mzere umodzi utafika pa chitsa chimene ndinaimapo, unapatuka bwinobwino n'kupitiriza kutsogolo.

Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Nsabwe zimauluka ndi mphepo. Sizidziwa kuwerenga masitepe, ndipo sizilambalala chitsa. Chimene chimalambalala chitsa ndi ngolo.

Ndinakumba pakati pa bala limodzi. Dothi lake linali lamakande, lolimba, losiyana ndi mchenga wofiirira wa munda wonse, ndipo munali timiyala toyera ngati mano a mwana. Ndinapita pangodya ija, ndinapatula udzu, ndinapeza mikwingwirima yakale ya matayala. Ndinaitsata mpaka kuseri kwa thengo la minga, kumene kunali chulu chachikulu. Mbali yoyang'ana kunjira inali yathunthu. Mbali yakuseri inali itagumulidwa ngati wina anafuna kumangamo sitolo.

Chulu chimenecho ndinali nditamva kale mbiri yake, monga aliyense m'mudzimo. Kwathu kuno chulu chimakhala ndi mwini wake, chifukwa cha inswa zimene zimatulukamo mvula ikayamba. Ichi chinali cha anaMbewe, amayi ake a anaBanda, amene chaka chilichonse ankakazinga inswazo n'kukagulitsa kwa apaulendo pa Sinda. Mu Novembala atapita kukachikonza anachipeza chogumuka, ndipo inswa zinatuluka zosadzaza n'kambale komwe. Iwo analoza chala komiti youmba njerwa za tchalitchi. Anakatukwana mkulu wampingo pakhomo pake, ndipo kuyambira pamenepo analeka kupita ku mapemphero a amayi a Lachinayi.

Funso lachitatu la mkonzi wanga linatsala lokha. Pa nkhani yonse ya mabalawa, ndani amene sanalankhule?

A Daka ndinawapeza kukhola Lachitatu madzulo, akuchotsa nkhupakupa ng'ombe. Ndinakhala pa goli n'kuika timiyala toyera tija pabondo langa.

"A Daka, ngolo imodzi mumatsitsa milu ingati?"

Anayang'ana timiyalato, anayang'ana kunyumba, kenako anakhala pansi.

"Itatu. Ng'ombe zikaima ndatsitsa, zikaima ndatsitsa. A Mlangizi, ine ndimafuna chimanga. Feteleza kulibe, kwathu dothi la chulu timathira, chimanga chimachita kuda bii. Ndinati ndiwadabwitse amake Dailesi. Ndinadziwa bwanji kuti mubwera ndi nsawa zanu?"

"Nanga osanena?"

"Ndinene kwa yani? Apongozi atatukwana mkulu wampingo? Munawamva inu? Anatchula mpaka agogo ake. Ine ndine mkamwini, a Mlangizi. Nyumba ndi ya eni, munda ndi wa eni. Zanga ndi ng'ombe ziwirizi ndi wailesi. Mukanena, ndinyamula wailesi."

Ndinawafotokozera chimene chinachitika. Zulu zina zimakhala ndi laimu wambiri, ndipo timiyala toyerato ndi iyeyo. Dothi lotere likamwazidwa mopyapyala limathandiza. Koma iwo, pothamangira kuti atsirize akazi awo asanabwere, anangosalaza miluyo pamwamba n'kuundapo mizere. Pamene laimu wachuluka, amamanga chakudya china chimene mbewu imafuna pang'ono chabe, chimene m'mabuku timachitcha ayironi. Chakudyacho chilipo m'nthaka, koma mizu ya nsawa imalephera kuchitenga, makamaka nthaka ikanyowa kwambiri. Ndipo popeza mbewu siingachisamutse kuchoka ku tsamba lakale kupita ku latsopano, chikasu chimayambira pamwamba.

"Ndiye si matenda?"

"Ndikuganiza kuti ayi."

"Mukuganiza, kapena mukudziwa?"

Funso limenelo ndinagona nalo masiku awiri. Ndinawauza kuti dzina lawo silituluka pakamwa panga, koma munda sindingaupulumutse popanda kunena za chulu. Mwini ngolo adziulule yekha nthawi ikafika.

Lachisanu: chimene ndinasankha

Lachinayi ine ndi anaBanda tinadula timitengo n'kuzika kuzungulira bala lililonse, pa malire enieni a chikasu. Ndinangowauza kuti vuto ndikuliona m'dothi. Akakhala matenda, adumpha timitengoto. Likakhala dothi, chikasu chikhala m'khola mwake. Lachisanu, m'malo motenga makasu, ndinapalasa njinga kupita ku Katete. Ndikalakwitsa, si munda umodzi umene ukanatha koma isanu, ndipo palibe m'mudzimo akanadzamveranso mlangizi.

A Tembo anandimvetsera mpaka kumapeto, akugogoda tebulo ndi cholembera.

"Ndiye ukundiuza kuti sunazule."

"Sindinazule, bwana. Ndikupempha masiku khumi."

"Masiku khumi sindikupatsa. Ukutenga wekha. Lemba apa kuti ndinakulamula ndipo wakana, usayine." Anandikankhira pepala. "Ukakhala kadukutu, njinga udzaisiye pakhondepo, basi udzalipire wekha."

Ndinalemba ziganizo ziwiri, ndinasayina. Ndikutuluka anandiitananso n'kundiponyera chigamba cha chubu. "Tayala lako lakumbuyo laphwa. Usafe panjira ndisanakuchotse ntchito."

Masiku khumi amenewo ndinkafika kumunda dzuwa lisanatenthe, ndipo anaBanda ndinkawapeza alipo kale. Tinkayenda bala ndi bala, iwo mbali iyi, ine mbali iyo, kenako n'kupita kukatembenuza masamba m'minda inayi ija. Tsiku lachitatu tinapeza mbewu imodzi yachikasu kunja kwa kamtengo. AnaBanda anawerama, anaigwira, inazuka yokha. Chiswe chinali chitadya muzu.

"Musandiphe ndi mtima, a Mlangizi," anatero. "Nkhope yanu yachita chikasu kuposa nsawa."

Mvula inachepa, nthaka inayamba kuuma, ndipo pofika tsiku lachisanu ndi chitatu masamba ophuka kumene m'mphepete mwa mabala anali kutuluka obiriwirako.

Febuluwale: tsiku la ndimu

A Tembo anabwera pa tsiku lakhumi ndi limodzi. Mbiri inali itafala kuti mlangizi wachinyamata achotsedwa ntchito pamaso pa anthu, choncho kunasonkhana khamu ngati pali mpira. AnaMbewe anabwera ndi kampando kawo. Mkulu wampingo, a Mwale, anaima kutali nawo.

Ndinapempha bwana kuti alowe m'munda ayeze okha. Anayang'ana nsapato zawo, anapuma mozama, n'kulowa. Anayenda kuchokera bala loyamba mpaka lachisanu, matope akumata.

"Ine ndapeza khumi ndi awiri, osati khumi ndi anayi."

"Miyendo yanu ndi yaitali, bwana."

"Khumi ndi awiri, khumi ndi awiri, khumi ndi awiri," anatero chapansipansi. Anaona timitengo tija, anaona kuti palibe chikasu chadumpha. Anazula mbewu imodzi m'kati mwa bala, anapeza tinsawa tayamba kulowa pansi.

Pamenepo ndinatulutsa mbale ziwiri ndi mandimu amene ndinathyola kuseri kwa sukulu. Anali asanapse, koma madzi analimo. M'mbale yoyamba ndinaika dothi la pobiriwira n'kufinyirapo ndimu. Linangonyowa. M'mbale yachiwiri ndinaika dothi la pabala, ndinaphwanya timiyala toyera, ndinafinya. Linachita thovu, likulira kuti sss. Amayi amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo.

"Mankhwala!" wina anakuwa. "Wina anatsirika munda!"

"Si mankhwala, ndi laimu," ndinatero. "Dothi ili si la m'munda muno. Linabwera pa ngolo, kuchokera pa chulu."

M'mudzimo ngolo zinalimo zitatu, koma chulu chogumuka chinali chimodzi. AnaMbewe anaimirira pang'onopang'ono.

"Chulu chiti, mwanawe?"

Ndinayang'ana mbale. Ndiye kuseri kwa anthu kunamveka kutsokomola. A Daka anatuluka, anayenda mpaka pamtunda woyenera, ananjuta atatembenukira kumbali monga mkamwini amachitira pamaso pa apongozi, chipewa chili m'manja. Anayamba m'Chichewa, koma mantha atakula zinatuluka m'Chinsenga. Tonse tinamva. Maulendo asanu ndi atatu a ngolo, m'masiku atatu.

"Bambo a Dailesi!" anaBanda anagwira m'chiuno. "Ndiye mizere ija ndinakuphikirani nayo nkhuku?"

Anthu anagwa nako kuseka. A Tembo anatembenukira ku galimoto, mapewa akugwedezeka. A Mwale anavula chipewa n'kuyang'ana kumwamba ngati munthu amene pemphero lake layankhidwa mochedwa. AnaMbewe okha sanaseke. Anayang'ana msana wa mkamwini wawo nthawi yaitali.

"Miyezi itatu," anatero. "Miyezi itatu ndikupemphera ndekha m'nyumba ngati mfiti, wakuba akundipatsa moni m'mawa uliwonse. A Mwale, bwerani kuno. Zimene ndinanena za inu ndabweza. Za agogo anu ndibweza Lamulungu, pamaso pa anthu, chifukwa ndinazinenanso pamaso pa anthu."

"Nanga wailesi anyamule?" mnyamata wina wolima thonje anafunsa, chifukwa mantha a a Daka ankadziwika.

"Apite kuti? Akapita, chulu changa andibwezera ndani?"

A Tembo anandiitanira ku galimoto. Anatulutsa pepala lija m'thumba la malaya, analiwerenganso, n'kundipatsa.

"Sunga. Tsiku lina udzakhala bwana, ndipo kamnyamata kadzakukanira. Udzayambe walowa m'munda." Anayang'ana nsapato zawo. "Lipoti ndikulifuna Lachisanu. Ulembemo za ndimuzo, ndikawaonetse a ku Chipata."

Chikasu cha mtundu umenewu ndinadzachionanso kambiri, ku Mkaika pamene panali uvuni wa njerwa, ndi ku Vubwi, kumene nsawa amati mtedza ngati anzathu a ku Malawi, pamalo amene anthu ankatenthera milu ya mapesi. Ndinaonanso kadukutu weniweni, ndipo ndinazulitsa mbewu popanda kudikira tsiku limodzi. A Tembo sanalakwe kuopa. Analakwa kuima pa udzu. Anasayina kalata yanga mu Okutobala, ndipo tinagwira ntchito limodzi zaka zisanu ndi chimodzi.

Epulo: kukumba

Tinakumba nsawazo kumapeto kwa Epulo, gulu lonse, amayi akuimba nyimbo za kutchalitchi zimene ankazisintha mawu kuti zitchule ngolo. Minda yonse isanu inabereka. Za m'mabala tinaziunjika padera kuti ndione kusiyana. Zinali zochepa, mwina theka la zinzake, koma zodzaza bwino, zoti n'kudzala. Ndinali ndikulemba zimenezi m'buku pamene anaMbewe anafika ndi dengu lalikulu, analitula pa mulu wa padera uja, nakhalapo pambali.

"Dothi langa, nsawa zanga."

"Amama, imeneyi ndi mbewu ya gulu," anatero anaBanda. "Si yokazinga."

"Inswa zanga zinali za gulu?"

Onse anayang'ana ine. Ku koleji sanatiphunzitse mlandu wotere. Ndinati mbewu imagawidwa kwa a m'gulu okha, ndipo anaMbewe sanali m'gulu, chifukwa ankati misonkhano ya alimi ndi ya anthu opanda malonda. AnaBanda anandilanda cholembera, anatsegula buku la gulu pabondo, analemba dzina la amayi awo.

"Mwalowa, amama. Tengani. Koma mudzale, ndipo chaka chamawa mugawireko mabanja awiri, monga tonse."

AnaMbewe anadzaza dengu mpaka pakamwa, anasankhamo zonyala n'kuziponya kumbali, anayesa kulemera kwake.

"Kudzala ndidzala," anatero mokweza, akuyang'ana kumene kunaima ngolo. "Koma msana wanga ndi wakale. Ndamva kuti m'mudzi muno muli munthu wodziwa kuunda mizere mu Sepitembala, mwini munda asanapemphe."

Kuseri kwa ngolo, kumene a Daka ankapakira matumba atatembenukira kuthengo, kunachoka mawu aulemu kwambiri.

"Ndamva, apongozi. Ndi khasu lokha."